Mphete ya Gyges: Kodi Munthu Acitiranji Cabwino Pamene Palibe Womuona?

Tsiku la Sabata, mapemphero atatha ndi anthu atabalalika kunka kwao, mkulu wa mpingo amene asunga cuma atsala yekha m'kacipinda nawerenga zopereka. Mnzace amene akadawerenga naye wapita kumaliro. Ndalama ziri pathebulo, buku liri lotsegula, ndipo palibe munthu wina amene adziwa kuti m'mbale munagwa zingati. Kunyumba kwa mkuluyo mwana alikudwala, ndi m'nkhokwe cimanga catsala ca pansi. Akatapako pang'ono, palibe adzamfunsa. Akasiya zonse, palibe adzamyamika, pakuti palibe adzadziwa kuti anayesedwa. Kodi munthu ameneyu alekerenji kutapako?

Funso limeneli siliri la akulu a mpingo okha. Lifika kwa waganyu amene alima munda mwini wace atacoka, kwa mnyamata woweta ng'ombe za mwini kudambo, kwa wamalonda amene ayesera mcere nkhalamba yosaona bwino, ndi kwa mboni pa bwalo la milandu imene inaona cinthu iri yokha. Ndiponso siliri funso latsopano. Anthu anzeru a m'dziko la Greece analimbana nalo zaka zoposa 2,300 zapitazo, ndipo maganizo ao ndiwo anakhala maziko a maphunziro amene achedwa filosofi.

FILOSOFI NCIANI?

Liu lakuti filosofi licokera ku mau awiri a Cigriki, ndipo tanthauzo lace ndilo kukonda nzeru. Nzeru zimenezi siziri za kusula makasu kapena kuumba mbiya, cinkana zimenezo nazo ziri zofunika. Filosofi ndiyo nchito ya kufunsa mafunso amene ali pansi pa mafunso ena onse, ndi kufunafuna mayankho ace mwa kulingalira bwino. Mafunso ace akulu ndi atatu. Loyamba: kodi cimene ciripo ndithu nciani, ndipo zinthu zonse zinacokera kuti? Laciwiri: kodi munthu adziwa bwanji kuti cimene akhulupira ncoona? Lacitatu: kodi munthu ayenera kukhala ndi moyo wotani?

Funso lacitatuli liri ndi cigawo cacecace, ndico maphunziro a makhalidwe. Agriki anali ndi liu lakuti ethos, ndilo mwambo kapena khalidwe la munthu, ndipo dzina la cigawoci m'zinenero za ku Ulaya linacokera pamenepo. Maphunziro amenewa satha ndi kuchula malamulo, monga kuti kuba nkoipa, pakuti cimeneco ngakhale mwana wamng'ono acidziwa. Afunsa cifukwa cace kuba kuli koipa, ndi ngati kukhalabe koipa pamene mwini katundu sadzazindikira konse.

Akristu ena aopa filosofi, pokumbukira kuti mtumwi Paulo anacenjeza Akolose za anthu onyenga anzao ndi nzeru zopanda pace. Cenjezo limenelo liyenera kumveka. Koma Paulo yemweyo, atafika mu mzinda wa Athens, umene Buku Lopatulika liucha Atene, sanathawa anthu a filosofi, koma anatsutsana nao pabwalo la malonda, nalankhula nao pa Areopagi, monga alembera Luka m'Macitidwe 17. Ndipo m'kalata wa kwa Aroma, mutu 2, aphunzitsa kuti ngakhale anthu amene sanalandira cilamulo ca Mose ali nayo mboni m'kati mwao, ndiyo cikumbumtima. Cifukwa cace Mkristu akhoza kuchera khutu kwa anzeru akalewo, kuti aone pamene nyali yao inaunikira ndi pamene inalekezera.

SOCRATES WA KU ATHENS

Munthu amene achedwa tate wa maphunziro a makhalidwe ndiye Socrates, amene anabadwa ku Athens ngati caka ca 470 Kristu asanabadwe. Atate wace anali wosema miyala, ndi amace anali mzamba. Iye sanalemba buku liri lonse. Zimene zidziwika za iye zinalembedwa ndi ena, makamaka wophunzira wace Plato. Nchito yace inali kuyendayenda pamsika ndi kufunsa anthu mafunso. Akapeza msilikari wochuka, amamfunsa kuti kulimba mtima nciani. Akapeza munthu wodziyesa wopembedza, amamfunsa kuti ciyero nciani. Kawirikawiri kunaoneka kuti iwo amene anali kuchula mau amenewa masiku onse sanadziwa tanthauzo lace, ndipo ambiri anamuda cifukwa ca manyazi amene anawacititsa.

Ciphunzitso cace cimodzi cinadabwitsa anthu koposa, cakuti kucitidwa coipa kuli bwino koposa kucicita. Ndipo sanangocinena ndi pakamwa pokha. M'caka ca 404 Kristu asanabadwe, pamene mzinda unali m'manja mwa olamulira ankhanza makumi atatu, iwo anatuma Socrates ndi amuna ena anai kukagwira munthu dzina lace Leon wa ku Salamis, kuti aphedwe popanda mlandu. Anai aja anapita. Socrates anabwerera kwao, cinkana anadziwa kuti kukana kwace kukhoza kumphetsa.

M'caka ca 399, ali ndi zaka ngati 70, anamuimba mlandu wakuti salemekeza milungu ya mzindawo, ndi kuti asoceretsa anyamata. Oweruza, amene analipo ngati 500, anamtsutsa namweruza kuti afe. Ali m'ndende, bwenzi lace lacuma dzina lace Crito linadza m'bandakuca kumuuza kuti ndalama za kugulira alonda ziripo, ndi kuti abwenzi a kudziko lina ali okonzeka kumlandira. Socrates anakana. Anati sikuyenera kubwezera coipa pa coipa, ndi kuti munthu amene analeredwa ndi malamulo a mzinda moyo wace wonse sayenera kuwathyola tsiku limene amtsutsa iye. Tsono anamwa cikho ca mankhwala akupha. Cikhoco sicinali ngati mwabvi wa kuyesera mlandu, koma cinali cilango ca imfa monga mwa lamulo la kumeneko.

NTHANO YA MPHETE

Imfa imeneyi inasiya funso lalikulu mumtima mwa Plato: ngati wolungama aphedwa ndi osalungama akhala pabwino, phindu la cilungamo liri pati? M'buku lace lochuka lochedwa Republic, iye aika funsoli m'kamwa mwa mbale wace Glaucon, amene asimba nthano iyi.

Panali mbusa wa nkhosa za mfumu ya dziko la Lydia. Tsiku lina kunagwa mvula yamkuntho ndi cibvomezi, ndipo nthaka inang'ambika pamalo pamene iye anali kudyetsa nkhosa. Potsikira m'phomphomo, anapeza kavalo wamkuwa wa mphako, ndi m'kati mwace mtembo wa munthu wamkulu msinkhu, wobvala mphete yagolidi pacala. Anatenga mpheteyo naturuka. Pamene abusa anasonkhana monga mwa mwambo wao wa mwezi ndi mwezi, kuti atumize mau kwa mfumu za zoweta zace, iye anatembenuzira mwala wa mpheteyo m'kati mwa dzanja, ndipo pomwepo anzace analeka kumuona, nayamba kunena za iye ngati wacoka. Poutembenuzira kunja, anaonekanso. Atazindikira mphamvu imeneyi, anadzilowetsa m'gulu la amithenga opita kwa mfumu, nanyenga mkazi wa mfumuyo, napangana naye, napha mfumu, nalanda ufumu. Nthanoyi idziwika ndi dzina lakuti mphete ya Gyges.

Tsono Glaucon anena kuti, pakadakhala mphete ziwiri zotere, imodzi napatsidwa munthu wolungama ndi ina wosalungama, onse awiri akadacita cimodzimodzi: akadatenga pamsika cimene afuna, nalowa m'nyumba imene afuna. Kwa iye, anthu acita cilungamo cifukwa ca mantha ndi manyazi okha. Atacotsedwa maso a anzao, palibe wolungama adzatsala.

Wowerenga asafulumire kunena kuti mphete yotere kulibe. Mdima wa usiku ndiwo mphete. Ulendo wa kutali ku migodi kapena ku tauni, kumene palibe wodziwa mbumba ya munthu, ndiwo mphete. Kudziwa kuwerenga pakati pa osadziwa ndiyo mphetenso. Mkulu uja wa m'kacipinda waibvala kale pacala cace.

MAYANKHO ANAI A ANZERU

Yankho loyamba ndi la Epicurus, amene anakhala ndi moyo kuyambira 341 kufikira 270 Kristu asanabadwe, amenenso otsatira ace anakomana ndi Paulo ku Athens. Iye anaphunzitsa kuti cabwino cacikulu ndico mtendere wa mtima wopanda zowawa, ndi kuti wocita coipa m'tseri sangakhale nao mtendere umenewo, pakuti cinkana abisale nthawi zambiri, sangatsimikize kuti adzabisala kufikira imfa. Muli coonadi m'mau amenewa, ndipo akulu akale anacidziwa pakunena kuti coipa citsata mwini. Koma yankholi siliyankha Glaucon, pakuti litsamira pa mantha a kugwidwa, ndipo mphete icotsa mantha omwewo.

Yankho laciwiri linadza patapita zaka zambiri, kwa Immanuel Kant wa ku Königsberg, amene anabadwa mu 1724 namwalira mu 1804. M'buku lace la 1785 iye apereka citsanzo ca mwini sitolo amene sakweza mtengo pamene mwana wosadziwa abwera kudzagula. Acita bwino ndithu. Koma ngati acita cotero cifukwa coopa kutaya mbiri ya sitolo yace, ndiye kuti atumikira thumba lace, osati cilungamo. Kwa Kant, nchito ikhala ndi ulemu weniweni pamene munthu aicita cifukwa iri udindo wace. Ndipo anapereka muyeso uwu: munthu asanacite kanthu, adzifunse ngati akhoza kufuna kuti cimene alikucitaco cikhale lamulo la anthu onse. Wokongola ndalama ndi lonjezo labodza la kubweza afuna kuti anthu ena onse asunge malonjezo ao, pakuti onse akadanama, palibe akadakongoza mnzace. Comweco msungi wa cuma wotapa m'mbale afuna kuti asungi ena onse akhale okhulupirika, iye yekha apatulidwe. Muyeso umenewu uvumbulutsa kudzikonda kumene kubisala m'coipa ciri conse. Koma muyeso ungosonyeza kuti khoma lapindika, sukhoza kuliongola.

Yankho lacitatu libwerera ku Greece, kwa Aristotle, amene anaphunzira kwa Plato zaka makumi awiri, namwalira mu 322 Kristu asanabadwe. Iye anaona kuti khalidwe labwino silibadwa ndi munthu, koma likula mwa cizolowezi. Monga mmisiri akhala mmisiri mwa kumanga nyumba, coteronso munthu akhala wolungama mwa kucita zolungama, ndi wolimba mtima mwa kuima pamalo oopsa. Anaphunzitsanso kuti makhalidwe abwino ambiri akhala pakati pa zoipa ziwiri: kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya m'ngozi mopusa, ndi kuolowa manja kuli pakati pa umbombo ndi kumwaza cuma. Koma anati kuba, cigololo ndi kupha ziribe pakati pace, ziri zoipa nthawi zonse. Mwa ciphunzitso cimeneci, cimene mkulu uja adzacita m'kacipinda cinayamba kukonzeka kalekale, tsiku limene ali mwana anatumidwa kumsika nabweza ndalama yotsala kwa amace, kapena naibisa. M'mera mpoyamba.

Yankho lacinai ndi la Plato mwini, ndipo ndilo lozama koposa. Iye anafanizira moyo wa m'kati mwa munthu ndi mzinda wa magulu atatu: nzeru yolingalira, imene iyenera kulamulira, mtima wacangu, umene uyenera kuthandiza nzeruyo monga asilikari athandiza mfumu, ndi zilakolako, zimene ziyenera kumvera. Cilungamo ndico dongosolo limeneli, monga thanzi liri dongosolo la thupi. Ndi cosalungama ndico nthenda. Tsono munthu wodwala cifuwa sacira cifukwa cakuti anansi ace sadziwa za nthenda yace. Mbusa uja analanda ufumu wa Lydia, koma m'kati mwace zilakolako zinalanda mpando wa nzeru, ndipo iye amene anaoneka mfumu anasanduka kapolo. Mphete ibisa munthu kwa anzace, koma siimbisa ku cimene iye mwini alikusanduka.

PAMENE NYALI YA ANZERU ILEKEZERA

Socrates anakhulupira kuti palibe munthu acita coipa mwadala, ndi kuti wocimwa ali yense acimwa cifukwa ca kusadziwa. Akadadziwa bwino cimene ciri cabwino, akadacicita. Pamenepa mpamene mwana wa Afrika anamtsutsa. Augustine anabadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero lichedwa Algeria, nakhala bishopu wa Hippo kufikira imfa yace mu 430. Anawerenga mabuku a otsatira a Plato, nabvomereza kuti anamthandiza. Koma m'buku lace la kuulula macimo asimba kuti, ali ndi zaka 16, iye ndi anzace anapita usiku kukagwedeza mtengo wa zipatso wa mnansi, nasenza zipatso zambiri. Sanali ndi njala, ndipo kwao kunali zipatso zokoma koposa zimenezo. Zambiri anaziponyera nkhumba. Anadziwa bwino lomwe kuti kuba nkoipa, ndipo cimene cinamkondweretsa cinali kuipa komweko, pamodzi ndi kuseka kwa anzace.

Augustine anazindikira tsono kuti nthenda ya munthu siiri m'kudziwa mokha, koma iri m'cifuniro ndi m'cikondi cace. Munthu akonda zinthu zazing'ono koposa zazikulu, nakonda mphatso koposa Wopatsa. Paulo ananena za nkhondo yomweyo m'Aroma 7, pofotokoza za munthu amene aona cabwino nacibvomereza, koma apezeka alikucita cimene adana naco. Filosofi ikhoza kuchula dzina la nthenda, nifotokoza maonekedwe a munthu wathanzi; koma mankhwala a kuciritsa cifuniro iribe.

YANKHO LA MAU A MULUNGU

Buku Lopatulika liyamba ndi kucotsa mphete. Salmo 139 liphunzitsa kuti kulibe malo, kumwamba kapena kumanda, kumene munthu angabisale kwa Mulungu, ndi kuti mdima suphimba kanthu pamaso pace. Akani anakwirira zofunkha za ku Yeriko pansi pa hema wace. Gehazi anabisa m'nyumba siliva ndi zobvala za Namani. Hananiya ndi Safira anabisa gawo la mtengo wa munda wao. Onsewa anayesa kuti ali okha, ndipo sanali okha.

Koma wina angati: ngati Mkristu aleka kuba cifukwa Mulungu amuona, kodi sikuli kuopa kugwidwa komwe kuja kwa Epicurus? Kukadakhala cotero ngati Mulungu akadakhala mlonda cabe. Koma nkhani ya Yosefe m'Genesis 39 isonyeza cina. Tsiku lija m'nyumba ya Potifara munalibe munthu wina ali yense. Yosefe pokana sanachula cilango; anakumbukira kuti mbuye wace anamkhulupirira ndi zonse, ndi kuti cinthuco cikadakhala kucimwira Mulungu. Kukana kwace sikunampulumutsa ku zowawa, koma kunamlowetsa m'ndende. Ndipo Ambuye Yesu, pophunzitsa za kupereka, kupemphera ndi kusala cakudya m'tseri, m'Mateyu 6, anamucha Atate Iye amene aona zobisika. Mwana wokonda atate wace aleka coipa cifukwa safuna kuwamvetsa cisoni, ngakhale palibe ndodo m'nyumba.

Pali cinthu cinanso m'buku lija la Plato. Pofuna kuyesa cilungamo ceniceni, Glaucon anajambula munthu wolungama ndithu, amene anthu onse amuyesa woipa. Anati wotereyo adzakwapulidwa, adzamangidwa, adzazunzidwa, ndipo potsiriza adzapacikidwa pamtengo. Mau amenewa analembedwa zaka zoposa 350 Kristu asanabadwe, ndipo ena a aphunzitsi akale a Mpingo powawerenga anakumbukira Gologota. Plato anangolingalira za munthu wotere, monga munthu alingalira za dziko limene sanafikeko. Uthenga Wabwino ulalikira kuti Wolungamayo anadza ndithu, kuti anayesedwa m'cipululu ali yekha napambana, ndi kuti anafera iwo omwe anabvala mphete nagwa. Mwa Iye muli cikhululukiro ca zobisika zakale, ndi Mzimu amene apatsa mtima watsopano, ndiwo mankhwala aja amene anzeru anawasowa.

ZOYENERA KUCITA M'CAKA CIMENECI

Masiku a caka ali 365, ndipo gawo lalikulu la nthawi imeneyo munthu alitha popanda mbusa, mkulu kapena mfumu womuyang'anira. Cifukwa cace zinthu zitatu ziyenera kukumbukika.

Coyamba, akulu ndi makolo azoloweze ana kukhulupirika m'tinthu tating'ono, nawafotokozere cifukwa cace, osangowaopsa ndi ndodo. Pakuti mwana amene aopa ndodo yokha adzaba tsiku limene ndodo iri kutali.

Caciwiri, mpingo usaike mphete pacala ca munthu. Pamene Paulo anasonkhanitsa zopereka za osauka a ku Yerusalemu, anakonza kuti abale osankhidwa ndi mipingo ayende nazo pamodzi, kuti pasakhale womneneza, monga alembera m'2 Akorinto 8. Ngati mtumwi sanafuna kusenza thumba yekha, mkulu wa mpingo asayese kuti anyozedwa pamene anzace apempha kuti zopereka ziwerengedwe ndi anthu awiri, ndi kuti buku liwerengedwe poyera pamsonkhano.

Cacitatu, iye amene anatapa kale asataye mtima, ndipo asapitirire kubisa. Zakeyu, amene analemera ndi msonkho wa anthu ena, sanathamangitsidwa. Ambuye analowa m'nyumba mwace, ndipo iye analonjeza kubweza kanai zimene analanda monyenga. Njira yomweyo iri yotseguka: kuulula kwa Mulungu, kupita kwa mwini katundu, ndi kubweza.

Tsono mkulu uja akali m'kacipinda, colembera ciri m'dzanja. Akalemba ciwerengero coona, mwana wace adzakhalabe wodwala madzulo amenewo, ndi nkhokwe siidzadzala. Koma adzakhoza kuturuka ndi kukauza abale ace za kusowa kwace poyera, kuti mpingo umthandize monga uyenera kuthandiza ciwalo cace. Ndipo Sabata likudzalo adzalandira mkate wa Mgonero ndi dzanja limene silibisa kanthu. Ambuye apatse anthu ace onse mtima wotere, m'kuunika ndi mumdima momwe. Amen.